Khutu la pa Golide

"Mwandigulitsa ndinu, amalume! Musayang'ane kumbali, ndikunena inu!"

Dativo anakuwa mawu amenewa ali chogwada pabwalo la nyumba yosulira ndalama ya mumzinda wa Treveri, bondo la msilikali lili pamsana pake, chingwe chikumuluma m'mikono. Unali m'mawa, mivukuto itangoyamba kulira. Amuna omenya nyundo anali atatuluka onse n'kuima m'mbali mwa khoma, aliyense maso ali pa zala za kumapazi kwake.

Marontio, kapitawo wa chipinda cha golide, mchimwene wa mayi ake a Dativo, sanayang'ane kumbali ayi. Anamuyang'ana ndithu, ndi chisoni chooneka kuti anachiyeserera kunyumba asanabwere. Chibwano chake chinali chosalala ngati cha khanda. Ndevu zimene anazisunga zaka makumi awiri anali atazimeta sabata yapitayo. Kumutu anali atavala chipewa chaubweya chotsikira m'makutu, chikhalirecho inali nyengo yothyola mphesa, dzuwa likuwotcha mpaka miyala ya pabwalo.

"Mwanawe, usawonjezere mlandu ndi pakamwa," anatero mofatsa. "Ine ndinangoyankha zimene bwana anandifunsa."

Bwanayo anali Pankratio, munthu woonda wa zala zoyera, amene anatumidwa kuchokera kunyumba ya Kaisara ku Mediolano ndi funso limodzi lokha: ndani anazokota nkhope ya woukira pa golide wa Kaisara? Funsolo anali atapatsidwa yankho lake asanalowe n'komwe mumzinda. Marontio anakamuchingamira pamsewu ndi mtsuko wa vinyo wa m'munda mwake, n'kumuuza kuti masiku onse amene golideyo ankasulidwa iye anali gone ndi malungo kumundako, ndipo mwana wa mlongo wake, wamutu wouma uja, anapangana yekha ndi asilikali oukira.

"Kam'tsekereni," anatero Pankratio. "Tiweruza mawa."

Anam'kokera kuchipinda chosungira makala.

M'nyumba yosulira ndalama munthu sasankha ntchito. Mwana wa wosula amakhala wosula, ndipo lamulo limam'manga pamenepo mpaka kumanda. Bambo ake a Dativo anafa ndi chifuwa cha utsi iye asanamere mano onse, ndiye amene anam'gwira dzanja anali Marontio yemweyu. Ndi iye amene anam'phunzitsa kuumba nkhope paphula, kenako kuizokota chobwerera pa chidindo chachitsulo, pamalo osaposa chikhadabo cha chala chachikulu. Ndi iye amene ankam'menya ndi tupa pa mfundo za zala akanamizira mphuno kapena diso. "Zokota zimene waona, iwe! Zimene sunaone usiye." Dativo anaphunzira mawu amenewo mopitirira. Analephera mpaka kalekale kuzokota nkhope imene sanaione ndi maso.

Kumayambiriro kwa chilimwe asilikali a kumalire a mtsinje wa Reno, atatopa ndi Kaisara wachinyamata amene sanam'onepo, anaveka mkulu wawo nsalu yachibakuwa, imene amavala Kaisara yekha, n'kum'kweza pa chishango. Dzina lake silitchulidwa. Analikokota pamiyala yonse, ndipo lamulo loletsa lidakalipo. Koma aliyense amadziwa kuti munthu sakhala Kaisara chifukwa cha nsalu. Amakhala Kaisara msilikali akalandira m'dzanja lake ndalama zisanu zagolide zokhala ndi nkhope yake. Choncho tsiku lachitatu panafika wapakavalo wafumbi mpaka m'nsidze, ndi mipiringidzo ya golide ndi lamulo lakuti ndalama zikhale zitatuluka pakutha pa masiku anayi.

"Chithunzi chake chili kuti?" anafunsa Dativo.

Mwambo wake ndi wakuti Kaisara watsopano amatumiza chithunzi chojambulidwa pathabwa, chokutidwa ndi masamba, ndipo wozokota amaonera pamenepo. Chikachedwa, amasiya nkhope ya Kaisara wakale n'kungosintha dzina m'mphepete. Zinachitikapo kangapo, palibe anadandaula.

"Chithunzi? Munthu ali pakavalo usana wonse, akhale pansi kuti wina am'pake utoto?" anatero wapakavaloyo. "Ndipo musayerekeze kuika nkhope ya kamwana kaja. Anyamata atopa nako. Wathuyu ndi mwamuna: ndevu, khosi la ng'ombe, mphuno yaikulu." Anamwazamwaza maso n'kuloza Marontio ndi chikwapu. "Ngati mdala uyu."

Dativo anaona chinthu chikuyaka m'maso mwa amalume ake. Wapakavalo atangotembenuka, Marontio anachotsa nsalu yofiirira ngati chibakuwa yotchinga pakhomo la chipinda choyezera golide n'kuifunda paphewa. Anatumiza uthenga kunyumba kuti mkazi wake abweretse mkanda wake wa m'khosi, n'kuumanga kumutu ngati nduwira ya ngale. Kenako anakhala pa thumba la makala pafupi ndi zenera, chibwano m'mwamba.

"Amalume, nsalu imeneyo imaphetsa anthu."

"Umba, iwe. Ukuona ngati mpata wotere umabwera kawiri?"

Amuna a nyundo anaunjikana pakhomo. Atto, wamkulu mwa iwo, munthu wa mikono ngati mitanda ya denga, anagwada n'kumenya mphumi pansi.

"Moni, Ambuye a dziko lonse lapansi! Kodi Ambuye alola kuti akapolo awo akataye madzi kuseri?"

"Choka apa, chimbalangondo."

"Taonani, anzanga, Kaisara wa makala! Akaimirira muone kumbuyoko, ufumu wonse wadetsedwa."

Anaseka onse mpaka misozi, ndipo Marontio anaseka kuposa onse, osagwedeza mutu kuopa kusokoneza phula.

Tsono Marontio anali ndi khutu lodyeka. Ali mnyamata, dontho la mkuwa wosungunuka linam'gwera kukhutu lamanja n'kudya nsonga yake, mwakuti linkaoneka ngati tsamba limene mbozi yalawa. Nkhope ya pa ndalama imayang'ana kumanja, ndiye khutu limene Dativo ankaliona linali lomwelo. Analiumba mmene linalili, osaganiza n'komwe. Atazindikira, anatenga kachitsulo kuti alidzaze.

Marontio anam'gwira mkono. Anayang'ana phulalo nthawi yaitali.

"Lisiye," anatero. "Asilikali aziti ndi bala la kunkhondo. Koma ine ndizidziwa."

Anasula masiku atatu. Atto ankamenya, golide ankalira, ndipo kambale kalikonse kankatuluka pansi pa nyundo kali ndi nkhope ya Marontio, dzina la munthu wina litaizungulira. Ndalamazo sizinachuluke. Golide wachiwiri amene analonjezedwa sanabwere, chifukwa Kaisara watsopanoyo ananyamuka kupita kummwera ndi asilikali ake. Patatha masiku makumi asanu ndi awiri, asilikali omwewo anam'dula mutu n'kuutumiza ku Mediolano m'dengu lamchere, kuti akhululukidwe.

Kenako linabwera lamulo lakuti ndalama zonse za woukira zisungunulidwe, ndipo wopezeka nayo ngakhale imodzi ndi woukira nayenso. Anthu anathamangira nazo okha kunyumba yosulira, ena atazikulunga m'sanza ngati chinthu chonunkha. Marontio anaima yekha pa ng'anjo, osalola wina aliyense, n'kumaponya nkhope yake m'mbiya imodziimodzi. Zidindo anaziphwanya ndi nyundo ya Atto n'kukataya zidutswa mumtsinje wa Mosella. Dativo anam'thandiza kunyamula. Anaganiza kuti akubisa mlandu wa onse. Sanadziwe kuti akutaya mboni zake zomwe.

Masana a tsiku lomangidwalo chitseko cha chipinda cha makala chinatseguka, ndipo analowa mayi ake, a Artula, atanyamula mkate, tchizi chambuzi ndi kamtsuko ka vinyo wothira madzi. Anali mayi wamfupi, wochapa zovala za asilikali kumtsinje, manja awo osweka ndi phulusa. Anakhala pa thumba n'kuyamba kunyema mkate, osamuyang'ana.

"Idya, mwanangu. Wada ngati mphika."

"Amayi, kandalama kaja mudakali nako?"

Mkate unaima m'manja mwawo.

Dativo ankakumbukira bwino. Linali Lamulungu, atangotuluka m'tchalitchi, pamene Marontio anabwera kunyumba kwawo akununkha vinyo, n'kutsegula chikhatho cha mlongo wake n'kuikamo kandalama kamodzi. "Taona, Artula, mwana wa bambo ako! Ankati sindidzakhala kanthu." Mayi ake anaseka n'kum'kankha paphewa, ndipo tsiku lomwelo anakasokera mumpendero wa chovala chawo.

"Ndinakataya mumtsinje," anatero a Artula.

Koma dzanja lawo linali litatsikira kale kumpendero, pafupi ndi bondo, n'kukhala pamenepo.

"Simunafunse chimene andimangira," anatero Dativo pang'onopang'ono. "Mwalowa muno ndi mkate ngati mwabwera kumunda. Munadziwa liti?"

A Artula anayambanso kunyema mkate.

"Amayi!"

"Lachinayi," anayankha motsitsa. "Amalume ako anabwera kumtsinje. Anati bwana akapanda kupatsidwa dzina limodzi, atenga onse a m'chipinda cha golide, amuna makumi atatu, ndi akazi awo ndi ana awo. Anati iwe ulibe mkazi, ulibe mwana, msana wako ndi wolimba. Akakutumiza kokumba miyala zaka ziwiri basi, ndipo iye akakuchotsako. Analumbira pa manda a agogo ako."

"Bwanji sanapereke dzina lake?"

"Ndi wamkulu, Dativo. Kumiyala sangathe chaka."

"Ndiye munavomera."

"Ndinalira, mwanangu. Ndinalira mpaka akazi anzanga anandinyamula."

"Sindinafunse ngati munalira."

A Artula anaphimba nkhope ndi manja. Dativo anawayang'ana, ndipo mkwiyo umene unam'dzaza m'mawa uja unasanduka chinthu china, chozizira, cholemera ngati chitsulo chosasula. Amalume ake anam'gulitsa, inde. Koma anayamba apita kumtsinje kukapempha chilolezo, ndipo anapatsidwa. Kuyambira Lachinayi mayi ake ankam'phikira, ankam'funsa ngati mutu wasiya kupweteka, akudziwa.

"Ndi iye amene anatidyetsa bambo ako atafa," anatero mayi ake kuseri kwa zala. "Ndi iye amene anakupatsa ntchito ya m'manja mwako. Ndikanatani ine? Ndi mchimwene wanga."

"Tengani mkate wanu."

"Dativo."

"Tengani. Kaperekeni kwa Kaisara."

Anausiya pomwepo pa thumba. Chitseko chitatsekedwa, Dativo anauponda ndi chidendene mpaka unasakanikirana ndi makala.

M'mawa mwake mlandu unachitikira m'chipinda choyezera golide, mmene muli sikelo yaikulu yambale ziwiri zamkuwa. Nsalu yofiirira ija inali itabwerera pakhomo pake, yochapidwa bwino. Dativo anadziwa amene anaichapa. Pankratio anakhala kuseri kwa tebulo akuswa mtedza ndi mwala woyezera. Amuna a nyundo anafola kukhoma, ndipo kumbuyo kwawo, pafupi ndi khomo, kunaima a Artula.

Marontio analankhula poyamba, chipewa chili m'makutu, dzanja lili pa buku la Uthenga Wabwino. Anafotokoza za malungo ake, mmene ankanjenjemerera, masamba amene mkazi wake anam'wiritsira. Anati atabwerako n'kuona zimene mwanayo anachita, mtima wake unasweka.

"Bodza!" anakuwa Dativo. Msilikali anam'menya pakamwa ndi kuseri kwa dzanja.

"Ulankhula ndikakuuza," anatero Pankratio. "Iwe wamkulu iwe, bwera kuno. Unamenya ndalama zimenezi?"

Atto anayandikira, akupotokola chala.

"Ndinamenya, bwana."

"Anakulamula ndani?"

"Ine, bwana, ndimangomenya. Wina amaika, ine ndimamenya. Zimene zili pansi pa nyundo sindiziona, nyundo imatchinga."

"Kapitawo wako analipo?"

Atto anayang'ana Marontio, amene amagawa mkate ndi mafuta a mabanja onse a m'nyumbamo. Anayang'ana Dativo. Kenako anayang'ana denga.

"M'chipinda mwathu mumakhala utsi wambiri, bwana."

"Atto!" anatero Dativo, magazi ali m'mano. "Si iwe unagwada? Si iwe unam'tcha Kaisara wa makala?"

Atto sanatsitse maso kuchoka kudenga.

Pomwepo Dativo ananena zonse, mwachangu, mawu akupunthwitsana: za wapakavalo, za chithunzi chimene sichinabwere, za nsalu iyo ili pakhomoyo, za mkanda, za thumba la makala pafupi ndi zenera. Anati iye sangathe kuzokota munthu amene sanam'one, afunse aliyense, ndipo nkhope imene inali pa golide uja ndi ya munthu amene waima apoyo. Pankratio anamvetsera akutafuna.

"Nkhani yabwino," anatero. "Ngati ndi yoona, mdalayu anavala chibakuwa, ndipo mlandu wake ukuposa wako. Iwe ukhala dzanja chabe, ndipo dzanja limakwapulidwa n'kubwerera kuntchito. Koma ine ndayenda kuchokera ku Mediolano, ndafunsa m'misasa ya asilikali, m'misika, kwa osintha ndalama, sindinaione ngakhale imodzi. Zonse zinabwerera kumoto. Ndionetse imodzi yokha, mnyamata. Ukudziwa kumene ili?"

Dativo anatembenuza mutu. Pakati pa miyendo ya amuna a nyundo ankatha kuona mpendero wa chovala cha mayi ake, ndi pamene ulusi wake unali wamtundu wina. Panali mapazi khumi okha kuchokera pamene anagwada. Mawu amodzi akanakwana. Koma wopezeka nayo ngakhale imodzi ndi woukira nayenso, ndipo lamulo silifunsa ngati ndi wochapa zovala.

Anameza magazi.

"Sindikudziwa, bwana."

Marontio anatulutsa mpweya, ndipo unamveka chipinda chonse.

Pankratio anasesa makoko a mtedza ndi m'mphepete mwa dzanja n'kuimirira. Analankhula mosakweza mawu, ngati munthu wotopa ndi ulendo amene akufuna kubwerera kwawo mvula isanayambe. Anati woipitsa golide wa Kaisara ndi nkhope ya woukira wanyoza Kaisara mwini, ndipo chilango chake ndi chodziwika. Loweruka, tsiku la msika, kunja kwa chipata cha kumpoto, mnyamatayu atenthedwe.

"Moto?"

Mawuwo anachokera kukhomo, kwa a Artula. Amuna a nyundo anapatuka okha.

"Marontio, wati moto? Iwe unati kumiyala. Unati zaka ziwiri."

"Khala chete, mlongo wanga. Tikambirana kunyumba."

"Unalumbira pa manda a bambo!"

"Ndati khala chete! Ukufuna atitenge tonse?"

Marontio sanadabwe ndi chilangocho. Chimenecho ndi chimene Dativo anaona, ndipo mayi ake anachionanso. Munthu amene wagwira ntchito m'nyumba yosulira zaka makumi anayi amadziwa chilango cha golide monga amadziwira kulemera kwa mwala uliwonse wa pasikelo. Anadziwa Lachinayi kumtsinje. Anadziwa akudzaza mtsuko uja wa vinyo.

A Artula anawerama, n'kukweza mpendero wa chovala chawo kufika kukamwa, n'kuluma ulusi.

"Amayi, ayi!" anakuwa Dativo. "Amayi, tulukani!"

Anadutsa pakati pa amunawo, anadutsa msilikali amene anachedwa kuzindikira, n'kutsegula chikhatho pamwamba pa sikelo. Kandalamako kanagwera m'mbale yamkuwa n'kulira kulira koyera kumene aliyense m'chipindamo ankakudziwa. Mbaleyo inatsika pang'ono.

Msilikali anawagwira tsitsi. Pankratio anakweza chala kuti adikire.

"Mayi, mukudziwa chimene mwadzichitira?"

"Ndikudziwa zimene ndinachita Lachinayi," anayankha. "Izi ndi zochepa."

Pankratio anatola kandalamako ndi zala ziwiri n'kupita nako pazenera. Kanali katsopano ngati katangochoka pansi pa nyundo, kopanda kukanda kulikonse, pakuti sikanagulepo kanthu. Kumbuyo kwake kunali Kaisara atagwira mbendera, phazi lili pa mdani wogwa. Anakatembenuza. Anayang'ana ndevu, khosi, mphuno. Kenako anakayandikitsa kudiso n'kukhala choncho nthawi yaitali.

"Wozokota uyu ali ndi dzanja," anatero. "Ngakhale khutu."

"Bala la kunkhondo, bwana," anatero Marontio mofulumira. "Asilikali onse ankanena choncho. Anam'tema ku Reno."

"Munali kumunda ndi malungo, mdala. Asilikaliwo munawamvera kuti?" Pankratio sanachotse diso pa golide. "Dengu lija ndinalitsegula ndine ku Mediolano. Mutuwo ndinaukweza ndi manja angawa kuti Kaisara auone. Ndinaugwira makutu. Onse awiri anali athunthu."

 Kunja mvukuto wina unkalirabe. Thukuta linatuluka pansi pa chipewa chaubweya n'kutsika m'chibwano chometa chija. Atto anatsitsa maso kuchoka kudenga.

Dativo anadzuka. Manja anali omangidwa kumbuyo, koma anadzuka, ndipo msilikali sanam'letse. Anayenda mpaka anaima pafupi ndi munthu amene anam'menya zala ndi tupa, pafupi moti ankamva fungo la ubweya wonyowa. Kumbali kwake mayi ake anali adakali m'dzanja la msilikali, ulusi ukulendewera pamlomo.

"Munandiphunzitsa ndinu, amalume. Munati ndizizokota zimene ndaona. Ndinazokota. Tsopano vulani chipewacho pamaso pa mlongo wanu. Vulani! Khutu lili pa golideyo ndi la ndani? Yankhani!"